Lachitatu: munda umodzi wasanduka iwiri

Lero sindinapite kuminda. Chiperoni chagwira kuyambira m'mawa, phiri lonse la Mulanje labisika, ndiye ndakhala mu ofesi kuno ku Chitakale kulimbana ndi fayilo ya malire a minda ya alimi a tiyi ang'onoang'ono imene anyamata athu anajambula ndi mafoni cha ku Muloza. Ogula tiyi akufuna mapu a munda uliwonse, koma makina awo ayibweza fayiloyo ndi mawu awiri okha: invalid geometry, kutanthauza kuti malire ena sanajambulike bwino. Sakunena kuti munda uti, kapena walakwika pati.

Ndinaitsegula mu QGIS, pulogalamu yaulere ija ya mapu, n'kuyendetsa Check validity, chida chofufuzira zolakwika pa malire. Chida chimenechi ndimachikonda chifukwa sichibisa mawu. Chimaika minda yabwino payokha, yolakwika payokha, kenako timadontho tosonyeza pamene pavuta penipenipo.

Zina zinali zosachedwetsa. Minda ya kalabu ina inapezeka m'nyanja ya Atlantic, kuzambwe kwa Morocco. Mtundu wa fayilo ya mapu wotchedwa GeoJSON umafuna longitude (nambala ya kum'mawa kapena kuzambwe) patsogolo, latitude (ya kumpoto kapena kum'mwera) pambuyo, ndipo Mulanje ali cha pa 35.5 kum'mawa ndi 16 kum'mwera. Wina anatembenuza manambalawo. Ndinawabweza m'malo mwake, basi. Fayilo ina ya mapu, ya mtundu wa shapefile, inabwera pa WhatsApp ndi .shp yokha. Anthu amaiwala kuti imayenda ndi anzake, .shx ndi .dbf, komanso .prj imene imauza kompyuta ngati manambala ali mu muyezo wa WGS 84 wa GPS kapena wa Arc 1950 ya mapu athu akale. Mukasokoneza ziwirizi munda umasuntha ndi mamita oposa 100, mpaka kukalowa kwa mnansi. Pulogalamu ina yotchedwa GDAL imatha kupanganso .shx yotayika, koma maina a alimi amene anali mu .dbf palibe pulogalamu ingawalote. Ndaimbira mnyamatayo kuti atumizenso zonse mu zip.

Chimene chandidyera tsiku ndi minda yopingasa. Wojambula akadumpha ngodya imodzi n'kuibwerera pambuyo pake, mzere wa malire umadzidutsa wokha, munda n'kuoneka ngati nambala 8. Pansi pa mitengo ya bulugamu GPS ya foni imapenganso, n'kuchita zomwezo. Fix geometries, chida china cha mu QGIS, imakonza zimenezi m'kuphethira kwa diso: imadula pamphambano paja, n'kupanga tizigawo tiwiri ta ngodya zitatu. Fayilo imadutsa bwinobwino, makina a ogula sangaikanenso. Koma yang'anani kukula kwa munda musanakonze ndi mutakonza, muyerekeze ndi zimene zili m'kaundula wa kalabu. Wa gogo wina watsala pafupifupi theka.

Ndinawaimbira pa foni ya mdzukulu wawo.

"Gogo, pepani ndakusokonezani. Kodi munda wanu wa tiyi uja uli pawiri?"

"Pawiri bwanji mwanawe? Ndi umodzi. Umayambira pamtengo wa mapeyala, kutsika mpaka kungalande, n'kukwera ndi njira ya kuchigayo. Ndani akuti uli pawiri?"

Sindinafune kuwauza kuti ndi kompyuta. Ndinangoti tibwera tidzayendenso limodzi.

Mnzanga wa pa desiki yoyandikana akuti ndikuchulutsa gaga m'diwa, ogula akungofuna fayilo yodutsa. Ine ndakana. Mapu amenewa sathera kwa ogula okha. Mawa wina adzawerengera pomwepo feteleza wa ngongole, ndipo tsiku lina adzatulutsidwa pabwalo la amfumu pa mlandu wa malire. Pulogalamu imangoona ngati mzere watsekeka ndiponso ngati sunadzidutse, za mtengo wa mapeyala sizidziwa.

Choncho ndagawa ntchito pawiri. Minda imene vuto lake linali kadontho kobwerezedwa kapena kamzere kotulukira pang'ono, ndailola kuti chida chiikonze. Imene yasintha kwambiri kukula ndailemba papepala lapadera, maina ndi midzi yake, ndipo ogula ndawalembera kuti imeneyo adikire. Anyamata ndawauza kuti pobwereza ayende ndi mwini munda, azungulire mbali imodzi osabwerera m'mbuyo, ndipo aime pang'ono pangodya iliyonse asanadine batani.