Mvula, zingwe za nsapato ndi udzudzu wosaluma

Lero mvula inayamba cha m'ma 10 koloko m'mawa ndipo mpaka pano sinakate bwinobwino. Magetsi anathima isanakwane 11, ndiye tangoganizani, ana atatu a achemwali ali pa holide kwathu kuno ku Chilomoni, TV yazima, kunja matope okhaokha, foni yanga ili pa 23%. Wamkuluyo ali sitandade 6, wapakati sitandade 3, kotsirizako kali ndi zaka 5 ndipo kamafunsa mafunso ngati wapolisi wa pa rodibuloko. Pofika 12 anali atamenyana kale kawiri, kulimbirana rimoti ya TV yoti siikuyaka kkkk.

Ndiye ndinakumbuka zija tinkachita ku pulayimale nthawi ya buleki, zoluka chingwe m'zala. Vuto linali chingwe. Cha pa thumba la chimanga chinali chopyapyala kwambiri, chimacheka zala, ulusi wa amayi wolukira zipewa uja ndinangouyang'ana iwo n'kundiyang'ananso, ndinamva ndekha kuti ayi. Mapeto ake ndinasolola zingwe za nsapato zanga za ku ntchito n'kuzilumikiza ziwiri, zinakwana mwina mita imodzi ndi theka, zomwe kwa manja a ana ndi bho, munthu wamkulu ndiye amafuna chofika mamita 2. Kumanga nsonga zake kuti chikhale chozungulira, basi zida zakwana.

Ndinayamba ndi udzudzu chifukwa ndi umene ndimaukumbukabe osaonera pena. Umakoleka chingwe ku zala zazikulu zonse ziwiri, kuzunguliza zingwe ziwirizo kuseri kwa dzanja lamanzere, kachala kakang'ono ka kumanja n'kukakoka zingwe zimene zili pakati pa chala chachikulu ndi mkombaphala wa kumanzere, kenako kachala kakang'ono ka kumanzere kakatole za ku chala chachikulu cha kumanja, n'kuvula zija zinali kuseri kwa dzanja zidutse pamwamba pa zala. Ukakoka, pakatipo pamabwera kamfundo kokhala ndi mapiko, udzudzu weniweni. Ndiye ndinayamba kuuyendetsa m'makutu mwawo, nziiii nziiii, kamng'ono kaja kakubisa mutu mu chitenje cha agogo ake, kenako ndinawomba m'manja phwa! kutambasula manja, chingwe chili myaa, udzudzu kulibe.

Chete anagwa m'nyumba. Wapakati uja anakayang'ana pansi pa mpando shuwa.

Chinsinsi chake n'chopusa zedi. Kamfundo kaja si mfundo yeniyeni, kamangogwiridwa ndi tizala tating'ono tiwiri tija, ndiye pamene ukuwomba m'manja umatitaya mwakachetechete, maso a anthu ali pa phokoso, ukakoka chingwe chimamasuka chokha. Sindinawauze msanga, ndinawasiya avutike kaye kasanu konse. Amene anatulukira si wamkulu uja ayi, ndi wa sitandade 3, anangoti “ankolo, tizala tanu tating'onoti tikumathawa”. Mwana ameneyu ndimuopa.

Achiwiri anali a msampha wa dzanja. Apa umayamba ndi kakolekedwe kamene masewera ambiri a chingwe amayambira: chingwe pa chala chachikulu ndi kachala kakang'ono dzanja lililonse, chikudutsa pachikhatho, kenako mkombaphala aliyense akatole chingwe cha pachikhatho cha dzanja linalo. Pakati pamatsala bowo. Mnzako alowetse dzanja pabowopo kuchokera pamwamba, iwe utaye zala zonse kupatula zazikulu, wakodwa pamkono. Ndiye umalukanso chimodzimodzi iye ali chikodwere, koma ulendo uno dzanja alilowetse kuchokera pansi, ukataya n'kukoka chingwe chimangochoka ngati chadutsa mkati mwa fupa. Kulowa kwachiwiri kuja kumamasula kwoyamba, palibenso china. Wamkulu uja atayesa pa mng'ono wake analowetsa dzanja kuchokera pamwamba kawiri konse, m'malo momasuka mwana anamangika kawiri, kulira kunabuka, ine ndi amayi tikuseka mpaka misozi.

Anandipempha aja odutsitsa chingwe pakhosi, akuti anaona mnzawo akuchita ku sukulu. Amenewo ndinakana ndipo ndakanitsitsa. Ndimawadziwa, koma kungolakwitsa kupingasa kamodzi chingwe chimathina pakhosi zenizeni, ndipo ana awa ndikuwadziwa, akayesera pa kamng'onoka ine nditapita ku ntchito.

Nthawi yonseyi amayi anali pa mkeka akusankha nyemba, akungoti “matsenga anuwo musandibweretsere m'nyumba muno, anthu angamve zina”. Koma nditayesa kuluka chachikulu chija chokhala ndi maso anayi n'kusokoneza katatu, anaika lichero pansi. “Tabweretsa kuno iwe.” Eeeh. Zala za mayi wa zaka zopitirira 60 zinangoti pakatipakati, kutembenuza manja kamodzi, chinthu chili poyera, maso anayi ofanana ngati ukonde. Akuti ali atsikana kumudzi ankaluka ndi luzi kapena khonje podikira kuti mphika upse, ndipo panalibe amene ankawaphunzitsa mokhala pansi, umangoonera mnzako. Zaka zonsezi ine osadziwa kuti m'nyumba muno muli katswiri. Nditawauza kuti azungu amachitcha makwerero a Yakobo anasangalala, akuti bola dzina la m'Baibulo kusiyana ndi udzudzu wangawo.

Kamafunso kaja kanafuna kudziwa kuti anayambitsa ndani, ndiye ndinapereka 5% ya batire ku Google. Masewerawa ali pafupifupi dziko lonse lapansi. Ku Japan amati ayatori, azungu a ku England ali ndi cat's cradle ija yosewera anthu awiri molandizana, a Inuit a kumalo ozizira kuja ankaluka ndi mitsempha ya nyama, ndipo kuli mpaka bungwe la zimenezi, International String Figure Association, linayamba mu 1978. Chimene chinawagwira mtima amayi ndi cha a Navajo a ku America, omwe amasewera za chingwe m'nyengo yozizira yokha, nthawi imene akangaude sakuoneka. Anangoti “ngati ife tinkaletsedwa kukamba nthano masana”, n'kubwerera ku nyemba zawo.

Magetsi anabwera cha m'ma 6 madzulo, awiri akuluwo anathamangira ku TV osayang'ananso m'mbuyo. Kamng'ono kaja ndiye kanatsala ndi chingwe, kakupha udzudzu umene sukupangika n'komwe, kamangokulunga m'zala, nziiii, phwa, n'kudziombera m'manja kokha. Kagona nacho m'manja ndipo nditayesa kuchisolola mwakachetechete kanadzuka n'kuyamba kulira, ndiye ndinadikira mpaka katagona tulo tofa nato ndi pamene ndachitenga. Mfundo zija zathina moti mano akanika, foloko yakanika, ndipo mawa 7 koloko ndikufunika ku ntchito ndi nsapato zomwezi.