Ampulifaya imodzi ya gitala yamagetsi, banjo ndi gitala ya bokosi

Kwaya yathu ku Chitakale, ku Mulanje, ili ndi zida zansambo zitatu zofuna kukweza mawu: gitala yamagetsi yomwe ndimaimba ineyo, gitala ya bokosi, ndi banjo yomwe mnzathu anaimata kachipangizo kotola mawu kotchedwa piezo pachikopa. Ndalama zomwe tinasonkha zinali za ampulifaya imodzi basi, ndipo anatuma ine kuti ndikagule.

Ndinakwera minibasi ya ku Limbe gitala ili kumsana, banjo kumanja, kebulo m'thumba. Wogulitsa amakuyeserani ndi gitala yake yomwe anaizolowera, chonsecho inu mukufuna kumva zida zomwe mudzaimbe Lamulungu.

Vuto lagona poti zida zimenezi sizifuna zofanana. Ampulifaya ya gitala yamagetsi anaipanga dala kuti izidula mawu okwera kwambiri, opitirira 5 kHz, n'kukhuthalitsa apakati. N'chifukwa chake gitala imalira mokoma mukakweza gain, batani lowonjezera mphamvu ya mawu olowa. Koma banjo kukoma kwake kuli m'mawu okwerawo, kung'anima kwa nsambo zikamenyedwa ndi chala. Komanso piezo imafuna polowetsera kebulo pa impedance (muyeso wa kukaniza magetsi) yaikulu, ya 1 megohm kapena kuposa. Ikapereŵera, mawu amatuluka opyapyala ndi olasa m'khutu. Choncho paliponse ndinkayamba ndi banjo, chida chovuta kusangalatsa, gitala pambuyo.

Ampulifaya yoyamba yomwe ndinayesa inali ya oimba rock. Gitala inabangula bwino zedi, koma banjo inamveka ngati munthu akulankhula atatsina mphuno. Yachiwiri inali ya kiyibodi, ndipo zinatembenuka: banjo inawala, gitala n'kuuma gwa, yopanda mafuta.

"Achimwene, tengani iyi, ndi ya mawatsi 200," anatero wogulitsa wina, akuloza chibokosi cha magetsi ophethira.

"Ayi bambo, tiyeni tiimve kaye."

Tinaiika pa Clean, potulutsa mawu oyera, n'kukweza voliyumu kupitirira theka, ndipo mawu anayamba kusweka nthawi yomweyo. Kuyesa kumeneku musakusiye. Nyimbo zathu zambiri, za kutchalitchi ndi za paukwati zomwe, zimafuna gitala yoyera, yomveka nsambo iliyonse ngakhale ng'oma zitalusa. Nambala yolembedwa pabokosi siinena zimenezo.

Ampulifaya ya Roland Cube Street inandikopa. Ili ndi molowetsera muwiri, ndipo imayendera mabatire a AA, zomwe n'zofunika kuno magetsi akathima pakati pa mapemphero. Koma mawatsi ake 5 ndi oyenera pakhonde kapena pamsika wa Limbuli, osati m'tchalitchi chodzaza anthu.

Ndinakhazikika pa Boss Katana 50 yogwirapo kale ntchito. Ili ndi sipika ya mainchesi 12 ndi kabatani kosankhira mtundu wa mawu: Acoustic, Clean, Crunch, Lead ndi Brown. Pa Acoustic banjo inamveka banjo yeniyeni, pa Clean gitala inayera mpaka pamwamba. Mphamvu mutha kuitsitsa kuchoka pa mawatsi 50 kufika pa 25 kapena 0.5, ndiye kuyeserera usiku sikudzutsa anansi. Chimodzi chomwe ndinachilingalira nthawi yaitali n'chakuti polowetsera chida ndi pamodzi. Tinagwirizana pafoni ndi atsogoleri a kwaya kuti chida chotsogolera nyimbo ndicho chizilowa m'menemo, zinazo zizidzera ku mikisa, chipangizo chosakanizira mawu.

Ndisanalipire ndinaitembenuza kuti ndiwerenge kumbuyo. Magetsi athu ndi a 230V, 50Hz. Katundu wochokera ku America amakhala wa 120V, ndipo mukamulumikiza kukhoma osaona, amapsa pomwepo. Kenako ndinapotokola batani lililonse kumvetsera ngati likukanda, ndinagwedeza kebulo polowera, n'kuunika pepala la sipika ndi tochi ya foni kuti ndione ngati silinang'ambike. Ampulifaya za mavalavu (timachubu tagalasi tokweza mawu) sindinaziyang'ane n'komwe, ngakhale zimalira bwino: n'zolemera, ndipo magalasi ake sapirira kugwedezeka kwa pakabaza. Katanayi ikulemera makilogalamu osakwana 12, munthu mmodzi amainyamula.

Nditafika nayo, anyamata anafuna kuyesamo babatoni. Ndinakaniza. Mawu a besi amakankha sipika ya gitala kupyola muyeso mpaka kuing'amba, ndiye babatoni ndi besi zikudikira yawoyawo.

Ndinagulanso kachipangizo koteteza magetsi akabwera mwamphamvu, kaja timaika ku firiji. Ampulifayayo timaisunga pabenchi, osati pasimenti, itavekedwa nsalu, chifukwa chinyontho cha chiperoni kuno kunsi kwa phiri chimafewetsa pepala la sipika ndi kuchititsa dzimbiri polowetsera kebulo. Poimba ndi gitala ya bokosi timaiika chakumbali, osati kumbuyo kwa woimba, apo ayi bokosilo limatola mawu ake omwe n'kuyamba kulira mluzu.