Lachinayi, 2 Okutobala 2025: Gandhi m'mawa, Ravana madzulo

Lero kuno ku Delhi sukulu kulibe, mabanki ndi otseka, ndipo okonda mowa agona ndi ludzu, poti pa tsiku lobadwa Mahatma Gandhi malo ogulitsira mowa satsegula. Ili ndi limodzi mwa masiku atatu a tchuthi cha dziko lonse la India, pamodzi ndi 26 Januwale ndi 15 Ogasiti. Chaka chino lagwera pamodzi ndi Dussehra, chikondwerero cha Ahindu chokumbukira kugonja kwa chimphona Ravana, chomwe chimayendera kuoneka kwa mwezi, motero chimasunthasuntha chaka ndi chaka. Anzanga a m'kalasi akhala akung'ung'udza sabata yonse kuti awabera tchuthi chimodzi.

M'mawa sindinapite kutali. Mayi mwini nyumba, amene tonse timawatchula Aunty ji, anatsegula TV kuti tione atsogoleri akuika maluwa ku Raj Ghat, pomwe anawotchera mtembo wa Gandhi mu 1948. Anandifunsa ngati kwathu timamudziwa. Ndinati timamudziwa ndithu: anakhala ku South Africa kuyambira 1893 mpaka 1914, ndipo mu 2018 achinyamata ena ku Blantyre anapita kukhoti kukaletsa kuti chipilala chake chisaimikidwe pa Ginnery Corner, ati chifukwa cha zonyoza anthu akuda zimene analemba ali ku Natal. Mayiwo anangoti duu, kenako n'kundiwonjezera tiyi. Ndinaona kuti nkhani imeneyi si ya lero.

Chimene chandisangalatsa masana n'choti anyezi wabwerera m'khitchini. Masiku onse a Navratri, nyengo ya mapemphero ndi kusala imene imatsogolera Dussehra, m'nyumba muno simunalowe nyama, mazira, anyezi kapena adyo. Ine mlendo sanandikakamize kusala, koma mungakazinge bwanji nkhuku eni nyumba akudya mbatata ndi zipatso? Ndinkangokadyera kunja mwakachetechete.

Cha m'ma 4 koloko mwana wawo wamwamuna ananditenga kupita kubwalo la m'dera lathu. Zidole zitatu zinali zitaimikidwa kale, zazitali kuposa nyumba yosanja: Ravana pakati, m'bale wake Kumbhakarna mbali ina, mwana wake Meghnad mbali inayo. Ndinapita pafupi kuti ndione bwino. Mkati ndi nsungwi zong'ambang'amba zomangidwa ndi waya, pamwamba amata nsalu zakale ndi mapepala onyezimira, ndevu zakuda zopindikira m'mwamba, mitu khumi itandandalika ngati maungu pa thandala. Ati zambiri zimapangidwa ku Titarpur, kumadzulo kwa mzindawu, komwe amisiri amagwira ntchitoyi m'mphepete mwa msewu kwa milungu yambiri, akudziwa kuti zonsezo zidzapsa m'mphindi zochepa. Mvula inali itawaza, ndiye anyamata anali kalikiliki kuvundukula mapulasitiki ndi kulowetsa makombola ena ouma m'mimba mwa Ravana.

Nkhani yake ndi ya mu Ramayana, ndakatulo yakalekale ya Ahindu. Ravana, mfumu ya ku Lanka, anaba Sita, mkazi wa Rama, amene Ahindu amamupembedza ngati mulungu, ndipo Rama anatsatira Ravanayo mpaka kukamupha. Usiku uliwonse wa Navratri akhala akuchita sewero la nkhaniyi, lotchedwa Ramlila, gawo ndi gawo, ndipo lero kunali kumaliza. Wosewera Rama anali kamnyamata ka kusekondale, nkhope atapaka utoto wabuluu, chipewa chachifumu chikumugwera m'maso. Atakoka uta anthu onse anakuwa kuti "Jai Shri Ram!" Muvi wake sunafike n'komwe, bambo wina ndiye anayatsa ndi muuni chakumbuyo. Kumbhakarna ndi Meghnad anayaka bwino. Ravana, poti ananyowa, anayamba wafuka utsi wokhawokha mpaka ana anayamba kumuseka, kenako makombola aja anagwira, phokoso lake makutu kuchita kuti ngwee. Mutu umodzi unagwera chakumene tinaima, tonse tinabalalika.

Ine chondidabwitsa ndi chakuti anthu omwewo amene m'mawa amatamanda munthu wodana ndi chiwawa, madzulo akuombera m'manja chimphona chikupsa, ndipo palibe amene akuona chachilendo. Nditamuuza mnzangayo anandiseka, n'kunena kuti Gandhi mwiniwakeyo dzina la Rama silinkachoka pakamwa pake. Ndinalibe choyankha, ndipo pakamwa panali patadzaza jalebi wotentha, chakudya chokazinga choviikidwa m'manyuchi, manyuchiwo akutsikira m'zala.

Pobwerera tinadutsana ndi lole yodzaza Abengali, anthu ochokera kum'mawa kwa India, akuimba ng'oma, atanyamula fano la Durga kukalimiza m'madzi. Kwa iwo lero ndi tsiku lotsanzikana ndi mulungu wawoyo pakutha pa Durga Puja, ndipo amayi anali atapakana ufa wofiira kumaso. Tsiku ndi limodzi, koma aliyense ali ndi nkhani yake.

Nyengoyi sinathe. Diwali, chikondwerero cha nyale, ili pa 20 Okutobala, ndipo Aunty ji alengeza kale kuti kuyambira Loweruka nyumba yonse ikolopedwa ndi kupakidwa penti, kuphatikizapo chipinda changa, chifukwa Lakshmi, mulungu wamkazi wa chuma, salowa pauve. Mabuku anga onse ali mbwee pansi, ndipo mawa 8 koloko ndili ndi kalasi.