Pulagini yathu ya QGIS yasiya kuponya mijigo mumtsinje

Pull request ija, pempho loti kodi yomwe ndinakonza ilowe mu pulagini yathu, yalandiridwa usiku wathawu, anzanga, ndipo mijigo yonse yabwerera pamalo ake. Amene mwakoka kale kodi yatsopano pa GitHub, pomwe timasunga kodi yathu, tsegulani fayilo ya CSV ija, ndandanda ya midzi yozungulira Nchalo muone.

Kwa amene mwatipeza m'njira: kapulagini kameneka, kachida kowonjezera mu QGIS (pulogalamu ya pakompyuta yopangira mapu), kamatenga ndandanda ya mijigo, sukulu ndi matchalitchi omwe anthu amathawirako madzi akasefukira, n'kuiika pamwamba pa misewu ndi nyumba za mu OpenStreetMap, mapu a pa intaneti omwe aliyense amatha kujambulamo. Tinakayamba itadutsa namondwe Freddy mu Malichi 2023, titaona kuti ndandanda zilipo zambiri m'makompyuta a anthu ku Chikwawa ndi ku Nsanje koma palibe ziwiri zogwirizana.

Chomwe chinatidyera masiku ndi ichi. Mafayilo ena ankakhala bwinobwino, pomwe ena madontho ake onse ankasunthira kumpoto pafupifupi mamita 300. Mjigo wina unagwera pakati penipeni pa mtsinje wa Mwanza. Ena m'gulu anati ndi GPS ya foni, koma GPS ikamaphonya imamwaza madontho mbali zonse, siwakankhira mbali imodzi ndi mtunda wofanana. Ena anakayikira zithunzi za setilaiti zomwe anajambulira nyumba mu JOSM, pulogalamu yojambulira mu OpenStreetMap. Tinayesa ndi mlatho wa Kamuzu pa Chikwawa, unali pamalo ake.

Gwero lake linali mufankishoni yowerenga manambala, yomwe pulagini yathu inabwereka ku pulagini ina yotseguka. Ikaona nambala za UTM, zosonyeza malo pa mapu m'mamita, inkangoganiza kuti ndi EPSG:32736, WGS 84 zoni 36S. Koma ndandanda zakale zija anazikopera pa mapu apepala a boma omwe ali mu Arc 1950, EPSG:20936. Zoni ndi imodzi, nambala zimaoneka zofanana, koma datamu, maziko omwe nambalazo zimayezedwerapo, ndi ina, ndipo CSV nthawi zambiri siyenda ndi fayilo ya .prj yoti ikuuzeni datamu yake. Kumtunda mamita 300 mwina sangaphe munthu. Kuno kuchigwa, kumene nthaka ndi yosalala ngati lichero, mtunda umenewo ndi umene umasiyanitsa sukulu yomwe madzi amafikamo ndi yomwe safikamo.

Ndinachotsa kuganizira kuja n'kuikapo QgsProjectionSelectionWidget kuti munthu asankhe yekha CRS, ndiye kuti datamu ndi zoni ya fayilo yake, kenako QgsCoordinateTransform imalize ntchito yosinthira nambalazo. Mnzathu wa ku Bangula anatsutsa, akuti anyamata a m'makomiti a kumidzi oona za ngozi sadziwa kuti CRS n'chiyani, angodina chilichonse. Ananena zoona. Iye ndiye anawonjezera chenjezo lofiira lomwe limatuluka madontho ambiri akakhala kutali ndi nyumba iliyonse ya mu OpenStreetMap, ndipo kwa ine mbali imeneyi ndi yabwino kuposa yomwe ndinalemba ine. Tatumizanso kukonzaku kwa eni ake a fankishoni ija. Sindimvana nawo anthu omwe amakopera kodi ya GPL (laisensi ya kodi yotseguka), n'kuikonza pakompyuta pawo, n'kukhala chete. Wina ku Mozambique kapena ku Zambia akumana ndi datamu yakale yomweyi mawa lino.

Chenjezo limeneli likutheka chifukwa nyumba zambiri za m'maboma awiriwa zinajambulidwa kale. Ntchito ija ya Humanitarian OpenStreetMap Team ya mu 2014, madzi a mu Januwale 2015 asanabwere, ndiyo tikudyerabe, pamodzi ndi ma leya a pa MASDAP, webusaiti yosungira mapu a Malawi. Vuto n'lakuti mtsinje wa Ruo wakhala ukusintha njira cha ku Makhanga, ndiye mzere wa mtsinje uyenera kuonedwanso chaka ndi chaka.

Za zipangizo: kutentha kwa mwezi uno laputopu imazima yokha QGIS ikamatsegula rasita yaikulu (mapu a chithunzi), ndiye ndimagwira ntchito m'mamawa kapena usiku. Batire yomwe ndinagula kwa bambo wina wa kasitolo ku Limbe ikusungabe moto magetsi akathima, ndipo amakulolani kuiyesa musanalipire. Plugin Reloader nayonso ikani, musamatseke QGIS nthawi iliyonse mukasintha mzere umodzi. Bando ndiye imapita ndi QuickOSM, pulagini yokokera deta ya OpenStreetMap pa intaneti, choncho ndakoka deta ya Malawi yense ku Geofabrik kamodzi, ndikuigawa pa fulashi kwa ofuna.

Zotsala n'zambiri. Ma import onse a PyQt5 asinthidwe akhale qgis.PyQt pokonzekera Qt6, metadata.txt ikonzedwe tisanatumize ku plugins.qgis.org, ndipo mafayilo a .ts, omasulira mawu a mu pulagini, akudikira munthu wolemba bwino Chisena. Maganizo anga aakulu ndi oti mvula isanayambe pulaginiyi izilankhulana ndi InaSAFE (pulagini yoyerekezera kuonongeka komwe ngozi ingadzetse) n'kuwerengera anthu omwe kampu iliyonse ingalandire, kuchokera ku Thabwa mpaka ku Marka. Amene muli ndi ndandanda za ku East Bank, tumizani momwe zilili, musasinthe nambala ngakhale imodzi.