Momwe ndinadutsira ku IFP mpaka kukaima pamaso pa ana a 1ª classe

Amene mukufuna uphunzitsi kuno ku Tete, yambani kusonkhanitsa mapepala olowera ku IFP, sukulu ya boma yophunzitsa aphunzitsi, edital (chilengezo cha kulembetsa) isanatuluke. Ikatuluka masiku olembetsa amakhala ochepa, ndipo munthu wa ku Tsangano kapena ku Furancungo sangapeze zonse tsiku limodzi, makamaka ngati mvula yayamba ndipo chapa ikuvuta. Ine ndinayamba ndi BI (chiphaso cha unzika) ndi NUIT (nambala ya msonkho), kenako certificado ya 12ª classe imene ndinakatsimikizitsa kwa notário, zithunzi za tipo passe, atestado médico ya kuchipatala, ndi requerimento, kalata yopempha malo yopita kwa mkulu wa sukuluyo. Edital ya chaka chilichonse ndiyo imanena mndandanda weniweni, malire a zaka za wolembetsa, ndi ndalama yolipira, choncho muiwerenge nokha, musamangomvera za m'maluwa. Dzina lanu lifanane pa mapepala onse. Ndinaona mtsikana akubwezedwa pakhomo chifukwa chilembo chimodzi cha pa certificado chinasiyana ndi cha pa BI.

M'chigawo chathu muli ma IFP ku mzinda wa Tete, ku Chitima ndi ku Angónia, komanso sukulu ya aphunzitsi ya bungwe la ADPP ku Chiúta. Akuluakulu athu ambiri analowa ndi 10ª classe n'kuphunzira chaka chimodzi chokha, njira imene inkatchedwa 10ª+1. Lamulo la maphunziro la 18/2018 litabwera, pulaimale inakhala ya makalasi 6, 7ª classe inasamukira ku sekondale, ndipo mwana aliyense akuyenera kuphunzira mpaka 9ª classe. Maphunziro a aphunzitsi nawonso anasintha. Ife tinalowa ndi 12ª classe n'kukhala zaka 3.

Mayeso olowera ndi a Chipwitikizi ndi Masamu. Kupeza 10 pa 20 sikutanthauza kuti mwalowa, chifukwa malo ndi ochepa ndipo amatenga kuyambira pamwamba. Pa Masamu musanyoze zinthu za m'munsi monga ma fracção, ma percentagem ndi kugawa kwa manambala aatali popanda foni. Pa Chipwitikizi zolowerani kuwerenga ndime yaitali n'kuyankha mofulumira.

Za ku internato, kogonera ophunzira, sindichulukitsa. Mumadzuka m'mamawa, mumasesa, mumalima kumunda wa sukulu, mumadya nsima ndi nyemba kawirikawiri. Chabwino chake n'chakuti mumagona chipinda chimodzi ndi anzanu olankhula Chinyungwe, Chisena ndi zinenero zina, ndipo m'pamene ndinadziwira kuti Tete ndi yaikulu kuposa mapiri a kwathu. Mumaphunzira Psicopedagogia, kaphunzitsidwe ka phunziro lililonse, nyimbo, zojambula, masewera, ndi zinenero za dziko lathu. Chimene aformador, aphunzitsi athu a ku IFP, amakumenyerani nacho nkhondo kwambiri ndi plano de aula, pepala lokonzera phunziro. Muyenera kuloweza magawo ake anayi mpaka kumawalota: introdução e motivação, mediação e assimilação, domínio e consolidação, controlo e avaliação. Gawo lililonse lili ndi mphindi zake, zochita za mphunzitsi, zochita za mwana, njira ndi zipangizo. Poyamba zimaoneka ngati ntchito ya pepala chabe, koma ndinadzaona kuti tsiku limene kalasi yasokonekera, pepala lomwelo ndi limene limakukumbutsa pamene unali.

Kenako pamabwera kuyeserera. Umaima kutsogolo kwa anzako, iwo akukhala ngati ana a 1ª classe, iwe n'kumaphunzitsa. Apa m'pamene ndili ndi dandaulo langa lalikulu pa maphunziro onsewa. Anzakowo anamaliza 12ª classe. Ukafunsa m'Chipwitikizi amamva, amakweza manja, amayankha bwino, phunziro n'kutha pa mphindi 45 ndendende. Umachoka pamenepo ndi malikisi abwino komanso ndi chithunzi cha mwana amene kulibe kumidzi yathu. Palibe tsiku limene tinayeserera kalasi ya ana osamva liwu ndi limodzi lomwe la chinenero cha m'buku, pamene ambiri a ife tinkadziwa kuti n'komwe tikupita.

Ku masukulu enieni mumayamba ndi kuonerera chabe, mutakhala kumbuyo ndi kope. Pambuyo pake mumapatsidwa phunziro limodzi limodzi, ndipo chakumapeto ndiye estágio, pamene turma, kalasi yonse, imakhala m'manja mwanu. Mukafika, kaonekereni kaye kwa a director ndi kwa a director adjunto pedagógico, muonetse credencial yanu (kalata yokutumizani), mupemphe horário, dosificação (kagawidwe ka maphunziro) ya trimestre imeneyo, ndi kuona livro de turma (kaundula wa kalasi). Bata yoyera, chovala cha mphunzitsi, ikhale yochapa. Ngati mukukhala m'mudzi momwemo, pitaninso mukapereke moni kwa amfumu ndi kwa a conselho de escola (komiti ya sukulu), pakuti tsiku lina mudzawafuna.

Ine ndinapatsidwa 1ª classe pa sukulu ina ya kumudzi, kumene aliyense kuyambira agogo mpaka khanda amalankhula Chichewa, wailesi imene imamveka bwino ndi ya ku Malawi, ndipo kumsika kwacha imayenda pamodzi ndi metical. Ana anali odzaza chipinda, ambiri atakhala pansi pa matumba. Nditalowa anaimirira onse pamodzi n'kufuula "Bom dia, senhora professora!" momveka bwino kwambiri, moti mtima wanga unakhala pansi. Nditafunsa funso loyamba la mu plano yanga, kunali zii. Moniwo anali ataloweza, ndipo Chipwitikizi chawo chonse chinathera pomwepo.

Aphunzitsi eni kalasi, mayi wachikulire amene anaphunzitsa makolo a ana ena m'chipindamo, sanalowerere. Pa nthawi yopuma anandiitana pambali nati, "Mwanangu, anawa si opusa. Afunseni m'chinenero cha amayi awo muone." Ndinati, "Nanga aformador akabwera, amayi, sadzandichotsera malikisi?" Iwo anati, "Mulembe mu plano momwemo kuti mugwiritsa ntchito Chinyanja pothandizira. Malamulo amalola. Chimene salola ndi ana kutuluka osamva kanthu."

Ankanena zoona. Ndondomeko ya maphunziro a pulaimale imene inayamba mu 2004 inapereka njira zitatu zogwiritsira ntchito zinenero zathu: kuphunzitsa m'zinenero ziwiri, kuphunzitsa m'Chipwitikizi koma chinenero cha mwana chikuthandizira, ndi kuchiphunzira ngati phunziro palokha. Ndipo nkhaniyi siinachokere kutali. Pakati pa 1993 ndi 1997 boma linayesa maphunziro a zinenero ziwiri pa ntchito yotchedwa PEBIMO, m'Chichangana ku Gaza ndi m'Chinyanja kuno ku Tete komwe. Kuyambira 2003 njirayi inalowa m'masukulu ena mwalamulo: mwana amayamba kuwerenga ndi kulemba m'chinenero chake, Chipwitikizi akuchiphunzira pakamwa kaye, ndipo chimatenga malo pang'onopang'ono akamakwera makalasi. Sukulu yanga siinali pa njira imeneyi. Mabuku aulere amene ana anali nawo anali a Chipwitikizi okhaokha.

Mmawa mwake phunziro linali la kuwerengera. Ndinatuma ana kukatola zitsononkho za chimanga, timiyala ndi zitsekerero za mabotolo. Ndinafunsa m'Chichewa kuti ndani amadziwa mbuzi za kwawo kuti zilipo zingati, ndipo akadziwa bwanji kuti imodzi yasowa. Chipinda chinawira. Mnyamata wina amene dzulo lake sanatsegule pakamwa anafotokoza bwinobwino momwe amagawira mbatata ya kachewere m'milu pothandiza amayi ake kumsika. Kuphatikiza ankakudziwa kale, kuchotsa ankakudziwa kale. Chimene ndinawonjezera ine ndi dzina lachipwitikizi la nambala iliyonse ndi kalembedwe kake pa bolodi. Kuyambira tsiku limenelo phunziro lililonse ndinkalikonza chonchi: tanthauzo liyambe lafika m'Chichewa, kenako mawu atsopano a Chipwitikizi ochepa, atatu kapena anayi, tiwabwereze ndi manja, ndi nyimbo, ndi chinthu chogwirika, mpaka ana awagwiritse ntchito okha. Plano inkatalika, ndipo ndinkaikonza usiku ndi tochi ya pafoni.

Kuwerenga ndiko kunali kovuta koposa, chifukwa mwana akuphunzira zinthu ziwiri nthawi imodzi, chilembo ndi chinenero. Kalembera wa 2017 anasonyeza kuti anthu osakwana 20 pa 100 alionse m'dziko muno ndiwo Chipwitikizi chili chinenero chawo chobadwa nacho, ndipo kafukufuku wa unduna wa mu 2016 anapeza kuti ana a 3ª classe owerenga pa mlingo woyenera sanafike ngakhale 5 pa 100. Manambala amenewa tinawamva ku IFP. Ndinawamvetsa pamene ndinaona mtsikana wa 3ª classe akukopera tsamba lathunthu ndi dzanja lokongola, koma osatha kundiuza liwu limodzi la zimene walemba. Popeza ana amakwera kalasi mkati mwa ciclo (gawo la makalasi atatu) popanda kubwerezedwa kawirikawiri, vutoli limayenda nawo mwakachetechete mpaka mayeso a 6ª classe.

Si makolo onse amene anakondwa nane. Bambo wina anabwera n'kunena mwaulemu kuti, "Aphunzitsi, Chichewa ali nacho kale kunyumba. Ndamutumiza kuno kuti adzapeze ntchito ku Moatize." Sindikanawatsutsa, pakuti ntchito, chipatala chachikulu, khoti ndi mayeso zonse zimafuna Chipwitikizi. Ndinawapempha kuti akhale kumbuyo aonerere phunziro limodzi. Atamva mwana wawo akuwerengera m'zinenero zonse ziwiri anagwedeza mutu, koma sindinganene kuti anachoka atakhutira kwathunthu. Nkhawa yawo ndi yoona, ndipo mphunzitsi amene amangokhazikika m'Chichewa chaka chonse osawolotsa ana nayenso akuwalakwira.

Pali zina zimene palibe buku linandiuza. Tsiku la msika ana amachepa. Nthawi yokolola ndi yosankha fodya amachepanso, ndipo m'nyengo ya zinamwali anyamata ena amasowa masabata. Apa m'pamene amfumu ndi a conselho de escola amathandiza kuposa kulemba "falta" mu livro de turma. Ndondomeko ya 2004 inasiyanso gawo la 20 pa 100 la nthawi yophunzira kuti likhale la currículo local, zinthu za m'dera lomwelo. Masukulu ambiri amalidumpha, koma ine ndinaitana agogo ena kudzaonetsa kuluka nkhokwe yaing'ono, ndipo tinapezapo masamu a bwalo ndi kuyeza.

Aformador akabwera kudzaonerera amakhala ndi ficha yawo, ndipo amafuna kuona plano isanayambe kalasi. Anga anawerenga pamene ndinalemba za Chinyanja, anandifunsa chifukwa chake, ndinafotokoza, ndipo anangondilangiza kuti ndichulukitse nthawi imene ana eniake akulankhula Chipwitikizi. Muzipitanso ku misonkhano ya ZIP, kumene aphunzitsi a masukulu oyandikana amakonzera limodzi maphunziro. Kumeneko ndinatolako nzeru zambiri za zipangizo zopanga ndi makatoni. Lembani m'kope tsiku lililonse zimene zachitika, ana angati abwera, chimene chayenda ndi chimene chakanika. Relatório ya estágio imalembeka mosavuta ngati kope limeneli lilipo, ndipo musachoke pa sukulupo musanasainitse mapepala anu onse ndi chidindo cha a director.

Mukalandira certificado ntchito siibwera yokha. Mumadikira concurso, mpikisano wa ntchito, ku SDEJT, ofesi ya maphunziro ya boma limene mukufuna, mumaperekanso mapepala, ulendo uno pamodzi ndi registo criminal (chikalata cha mbiri ya milandu), imene imatha mphamvu pakapita miyezi yochepa, ndiye musaitenge msanga. Malo amatuluka malinga ndi ndalama za boma za chaka chimenecho, ndipo pamzere mumapeza anzanu amene anamaliza zaka zam'mbuyo akudikirabe, pamene m'masukulu mphunzitsi mmodzi akugwira ma turno awiri. Izi zimandipweteka kuposa china chilichonse. Mukasankhidwa, mapepala anu amafunikanso visto (chivomerezo) ya khoti la Tribunal Administrativo, choncho konzekerani kuti malipiro oyamba akhoza kuchedwa.

Panopa ndili pa mzere umenewu. Ndalembetsa kwathu komanso ku maboma akutali kumene opikisana ndi ochepa. Akanditumiza ku Changara kapena ku Marara, ana anga adzakhala olankhula Chinyungwe, ndiye ndayamba kale kuchiphunzira kwa mnzanga amene tinkagona chipinda chimodzi ku internato. Amanditumizira mawu pa WhatsApp madzulo, ndipo tayambira pa moni, manambala, ndi mayina a ziweto.