Nyale ya usipa: pomwe ndafika holide ino

Anzanga a mawaya, holide yaitali ino ndili kwathu ku Senga Bay ndipo ntchito yomwe ndadzipatsa ndi nyale ya LED ya asodzi a usipa, ija amaika pa bwato la siginala usiku. Ambiri anasiya kale nyale za parafini, pano ndi mababu ndi batire ya 12V, koma mabatirewo akufa msanga chifukwa amawakama mpaka mbandakucha babu kuchita kufiira.

Mbali ya magetsi sinandivute kwenikweni. Ndi kaseketi kodula moto batire ikatsika: chipi ya LM358 ikuyerekeza voteji ya batire ndi 2.5V yosasintha yochokera pa chipi ina ya TL431, kenako ikuyatsa kapena kuzimitsa MOSFET (swichi ya magetsi) ya IRFZ44N. Ikudula pa 11.6V ndipo siyatsanso mpaka batire ifike 12.6V. Mpata umenewu musauchotse chonde, batire ukaichotsera katundu voteji imakwera yokha, ndiye popanda mpatawo nyale imangophethira ngati indiketa ya minibasi. Seketiyo ndinaijambula pa pulogalamu ya pa kompyuta ya KiCad, kupulinta ndi laser pa pepala loterera, kusita pa bolodi ya kopa ndi simbi ya makala ya mayi, basi kuviika mu ferric chloride, mankhwala odya kopa wosafunikayo. Mankhwala amenewa akagwera pa malaya iwalani, dontho lake silichoka.

Pomwe pali nkhani ndi pa chigoba cha nyaleyo. LED ya 10W imatentha heve ndiye imafuna aluminiyamu yomwa kutenthako, komanso ino ndi nthawi ya mwera, madzi amalowa paliponse. Madala ena a shopu ya zitsulo ku Kamuzu Road anandilola kugwira lathe yawo (makina osemera zitsulo mozungulitsa) masana ntchito ikachepa, lamulo lawo ndi limodzi, kiyi ya chuck (chopanira chitsulo chija) isatsale pa makina ngakhale ukungopita kukamwa madzi.

Chitsulo choyamba anandiumbira ndi anyamata oumba mapoto aja, anasungunula mapisitoni akale pa makala (aluminiyamu imasungunuka pa 660°C, makala ndi chopemerera zimakwana). Kunja chimaoneka bwinobwino koma nditangosenda mamilimita awiri timabowo ta mpweya mbwee mkati monse. Pa poto zilibe kanthu, koma pa nyale ya panyanja ayi ndithu. Ndiye chivindikiro ndasema kuchokera pa chitsulo chogula, choumbacho ndasiyira mbali ya zipsepse zoziziritsa basi.

Aluminiyamu ndi yofewa koma ili ndi khalidwe loipa lomamatira kunsonga kwa mpeni wa lathe, ukangoona pamwamba payamba kukhakhala dziwa kuti yamata. Madala aja anangotenga kabulashi, kuviika mu parafini, kupaka, zinyenyeswa nkuyamba kutuluka zazitali zopotana zonyezimira. Ngalande ya O-ring (kamphira kozungulira kotseka madzi) ya 2mm ndaikumba kuya 1.5mm kuti mphirayo ifinyike pang'ono, ndimayeza ndi choyezera cha vernier pafupipafupi mpaka madala kundiseka ati mwana wasukulu sakhulupirira dzanja lake. Mabowo a mabauti a M6 ndinaboola ndi 5mm kenako tap yodulira mazinga a bauti, kutembenuza pang'ono nkubweza, apo ayi imathyokera momwemo.

Dzulo ndaika tishu mkati mwa chigobacho, kumanga, kumiza mu ndowa usiku wonse. Pa O-ring pouma gwa, koma tishu yanyowa mbali yomwe waya akulowera. Ndiye Lolemba ndikubwerera ku lathe kukasema kanati kofinya mphira kuzungulira wayayo. Amene ali ndi mphira yoboola pakati ya waya wa 6mm kuno ku Salima andiuze, ndidzatenga ndekha pa kabaza.