Zaka 10 tikukwera m'masiling'i a nyumba zakale

Mwezi uno takwanitsa zaka 10 chiyambireni ntchito yoyendera ndi kukonza nyumba zakale ku Zomba ndi ku Blantyre. Ndinayamba ndekha ndi makwerero obwereka, tochi ndi kanyundo. Lero tilipo asanu ndi awiri, ndipo chimene ndimanyadira n'chakuti pa nyumba zonse tinagwirapo, palibe imene inagwa khoma, ngakhale pa namondwe wa Freddy uja mu Marichi 2023.

Nyumba zimene zinamangidwa ku Zomba likulu lisanasamukire ku Lilongwe mu 1975, zambiri n'zolimba. Njerwa zake n'zopsa bwino, makoma okhuthala, ngakhale zina anamangira dothi. Chimene chimazipweteka kwambiri ndi manja a anthu amene anazikonzapo pakati apa.

Mayi wina anandiitana kuti ndikaone nyumba imene ankafuna kugula. Pabalaza potakasuka, penti yatsopano waliwali. Nditakwera m'siling'i ndinapeza denga lafwamphuka pakati. Mwini wake wakale anagumula khoma lonyamula mitengo ya denga kuti akuze pabalaza, n'kuimika mtengo wa bulugamu, n'kuukuta ndi waya ndi pulasitala kuti uzioneka ngati chipilala cha konkire. Nditagogoda ndi nyundo chinalira ngati ng'oma. Titaboola pang'ono, panakhuthuka dothi la chiswe lodzaza manja awiri. Mayi aja anangokhala pansi, ati apa m'pamene ndimati adzukulu azidzasewera.

Kwina tinapeza chipinda chogona chitamangidwa pamwamba pa thanki ya chimbudzi, matailosi ali phuliphuli, banja lonse likusakasaka khoswe wakufa dzinja lililonse. Tinaonanso chumuni chotsekedwa ndi bolodi m'kati muli njuchi, komanso switchi ya nyali yapakhonde imene inkayatsa giza, eni ake akudabwa kuti mayunitsi akuthera kuti.

Koma zimene zinatsala pang'ono kutigwetsa si chiswe ayi. Mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, ife titasainirana kale ntchito zitatu pa mitengo yakale. Wogulitsa simenti wina, amene tinali titamulipiriratu, anati katundu watha, mawa lake matumba omwewo ali pakhomo pa shopu ndi mtengo wina. Akudzidziwa yekha. Kumene tinakapempha ngongole anatiyendetsa miyezi iwiri, pomaliza n'kutiuza chiwongoladzanja chosasiyana ndi katapila. Ndinagulitsa pikapu yanga. Ntchito zonse zitatu tinamaliza osawonjezera kasitomala ngakhale tambala.

Ndikuthokoza Mulungu amene watisunga pamadenga onsewa popanda wothyoka. Zikomo mayi a kunyumba, amene munkaphikira anyamata nsima malipiro atachedwa osadandaula. Zikomo bambo anga aang'ono, munandiphunzitsa kumva khoma ndi khutu ndisanaligwire. Anyamata anga, pulambala wathu ndi wamagetsi wathu, munakana kundithawa pamene ena ankakukopani ndi ndalama zambiri. Makasitomala athu, makamaka inu a ku Johannesburg ndi ku UK amene mumatikhulupirira ndi makiyi musanationepo nkhope, Ambuye akudalitseni.

Ngati mwapeza nyumba yakale ku Zomba, Namiwawa, Sunnyside kapena Chitawira, tiitaneni musanapereke ndalama. Timakwera m'siling'i, timaona mawaya, mapaipi ndi maziko, n'kukutumizirani zithunzi ndi lipoti pa WhatsApp tsiku lomwelo. Mukatipatsa ntchito yokonza, ndalama imene munalipira kuti tiyendere nyumbayo timaichotsera pa koteshoni. Mvula isanayambe tili ndi mpata wa nyumba zinayi zokha.